Maso a Apongozi Anga Awiri

Mwaseka mokwanira tsopano? Iwe Tadala, pukuta misoziyo. Inde, ndavomera, m'mawa uja ndinapereka moni kwa mtengo wa papaya, ndimayesa ndi abusa aima pachipata. Nanga mtengowo wadandaula? Ndiye mukuti agogo akuopa dokotala wa maso. Ine? Takhalani pansi apa, ana inu, mafoni anuwo apumeko kaye. Ine dokotala wa maso ndinamuona amayi anu asanabadwe, ndipo sindinapite ndekha. Ndinapita ndi apongozi anga onse awiri, pa sitima!

Nthawi imeneyo ndinali mkamwini watsopano m'mudzi wina kufupi ndi Chiromo, kumene Ruo amathira mu Shire. Kwathu ndi ku Ngabu, koma nditasiya kudula nzimbe ku Nchalo ndinatsatira agogo anu aakazi, Esinati, n'kumanga kanyumba kuseri kwa nyumba ya makolo awo. Apongozi aamuna anali a Zuze, munthu wamtali, wa bwato ndi ukonde, wobadwira kutsidya ku Mozambiki. Akakwiya kapena akakondwa kwambiri, Chimang'anja chinkawathera m'kamwa, n'kuyamba Chisena. Apongozi aakazi anali a Nambewe, mayi woumba mbiya, wapakamwa pakuthwa, wokonda fodya wa m'mphuno kuposa ndiwo.

A Nambewe sankaona. Ng'ala inawagwira Esinati asanathe n'komwe msinkhu, ndipo pamene ine ndinkafika maso onse awiri anali atayera ngati a nsomba yophika. Mankhwala ake sanasiyeko: madzi a masamba, utsi wa mizu, wina mpaka anawauza kuti azithiramo shuga. Ayi ndithu. Mbiya ankaumbabe, zala zawo zinkadziwa njira, koma kumtsinje, kutchalitchi, kumaliro, kulikonse ankawatsogolera ndi a Zuze, wina kugwira ndodo kutsogolo, wina kumbuyo.

Tsono inu a masiku ano mumakhala pa sofa imodzi ndi apongozi, kulimbirana rimoti. Ife ayi. Mkamwini ndi apongozi aakazi sankayang'anana kumaso, sankalankhulana pamaso. Mukakumana panjira, wina ankalowa patchire. Kwa ife zinali zoseketsa, chifukwa a Nambewe sakanandiona n'komwe, komabe ndikamayandikira ndinkatsokomola, iwo n'kutembenukira kukhoma. Mawu onse ankadzera mwa a Zuze. "Auzeni akamwini kuti denga la khitchini likudontha." Ine ndili pomwepo, ndamva ndi makutu anga, koma ndidikire a Zuze abwereze. Ndiye ine: "Auzeni amayi kuti ndamva." Moyo unkayenda choncho, ndipo unkayenda bwino.

Chaka china, thonje titangogulitsa, kunamveka kuti kuchipatala chaching'ono cha kwathu kwabwera munthu woyeza maso, wa galimoto yafumbi. A Zuze sanafune. Anali atamva kuti azachipatala amakolowola diso, kuliika m'mbale, kulitsuka, ndipo likawagwa pansi amakuikira la mbuzi. Musaseke, anthu akuluakulu ankakhulupirira zimenezi! Koma Esinati anaumirira, ndipo tinapita. Munthu uja anayatsa tochi n'kuiyendetsa uku ndi uku.

"Kuwala kuli kuti, amayi?"

"Uku," a Nambewe analoza. "Tsopano kwapita uku. Mukundiyesa mwana?"

Munthu uja anaomba m'manja ngati wapha nyama. "Diso ndi lamoyo ili! Ng'ala yakhwima basi. Apititseni ku chipatala chachikulu ku Blantyre, amenewa adzaona."

Adzaona! Mawu amenewo anafika kumudzi ife tisanafike. Funso linali lakuti apite ndi ndani. Esinati anali wotopa, masiku ake atayandikira, sakanakwera sitima. A Zuze sanali atapitirirapo Makhanga. Wotsala anali ine, amene ndinkadziwa kunena "yesi bwana" ndi kuwerenga zikwangwani. Mudzi wonse unagwira pakamwa: mkamwini kuperekeza apongozi aakazi!

Kamba wathu anali mbatata zootcha, nsomba za makakana zowamba, kathumba ka ufa wa mapira ndi masau odzaza mpango. Masauwo inu mumawapondaponda pansi, ife anali switi wathu. Pa siteshoni, tisanagule n'komwe matikiti, anyamata a chipani a malaya ofiira anali pakhomo kufunsa makhadi. Masiku amenewo khadi linkayenda patsogolo, munthu pambuyo, ndipo panalibe woseka. A Nambewe anamasula mfundo ya chitenje, n'kutambasula khadi lawo cha kumene kunalibe munthu. Mnyamata wina anachita kuzungulira kuti alione, n'kutiuza kuti tidutse.

Sitima ija, ana inu! Mabenchi a matabwa, nkhuku pansi pa mipando, madengu a nsomba, anthu kuyimba. Itayamba kukwera mapiri, a Nambewe anagwira makutu. "Auzeni akamwini kuti makutu anga atsekeka. Maso anapita kale, tsopano akufuna makutu?" Kenako chidwi chinawagwira. "Auzeni akamwini anene zimene zili panja." Ndiye ine kufotokozera a Zuze: nthochi zodzaza chigwa, minda yopendekeka ngati denga, phiri lalikulu la Mulanje litavala mtambo. Ndikaloza chinthu, a Zuze ankatembenuza khosi lonse, kufunafuna, mpaka chinthucho chitadutsa. Ndinkangoti ndi kusazolowera liwiro la sitima.

Ndipo kuzizira! Ife ana a kuchigwa, ozolowera dzuwa lowotcha mapazi, tinatsika ku Blantyre muli kamvula kowaza ndi mphepo yolowa m'mafupa. A Zuze anafunda thumba la ufa kumsana. Mano anga ankagundana ngati ndikutafuna chimanga chokazinga.

Kuchipatala tinakhala pamzere wa anthu a maso okhaokha, ena ochokera kutali kuposa ife. Dzina la a Nambewe litaitanidwa, a Zuze anaimirira monyadira, ndodo m'manja, kutsogolera mkazi wawo m'chipinda. Pambali pa chitseko panali katebulo ka matayala, podzaza mbale zachitsulo. Aliyense akanakaona. A Zuze anakagunda ndi ntchafu, mbale zonse pansi, phokoso ngati kwagwa denga la malata.

Dokotala anadzutsa mutu. Ndinkayembekeza mzungu, koma anali munthu wakuda ngati ife, wachinyamata ndithu, Chichewa chake chomveka kuti ndi wa kumpoto. Sanakalipe. Anangowayang'ana a Zuze nthawi yaitali, kenako anayamba ndi a Nambewe. Anawayeza ndi kanyali kake, n'kumwetulira.

"Amayi, ng'ala yanu ndi chotchinga chabe, ngati nsalu ya pawindo. Tichotsa diso limodzi kaye, linalo mudzabwerenso."

"Muchotsa diso?" a Zuze analumpha.

"Pepani bambo, ndalankhula moipa. Tichotsa ng'ala ya m'diso limodzi. Disolo likhala momwemo." Anaseka pang'ono. "Koma tsopano khalani apa inuyo."

"Ine sindikudwala. Ndabwera kudzaperekeza."

"Ndikudziwa. Khalani basi."

Anawatseka diso lamanzere ndi chikhatho. "Mukuona chiyani?" A Zuze anati, "Mwazimitsa nyali?" Diso lamanja lija, loyera bwino, lakuda pakati ngati la mwana, linali lakufa, ndipo mwini wake sankadziwa. Dokotala anatsegula lamanzere n'kutseka linalo. "Yang'anani mphuno yanga." Anayamba kugwedeza zala cha kumbali, kuzibweretsa pang'onopang'ono. Ine ndikuziona, nesi akuziona, a Zuze ayi. Anaziona zitafika pafupi ndi mphuno ya dokotalayo.

Pamenepo ndinakumbukira zambiri. Anthu kumudzi ankati a Zuze ayamba kunyada, munthu akawadutsa pambali samupatsa moni. Bwato lawo linali litagundapo chitsa masana dzuwa likuswa mtengo. Tonse tinkayang'ana maso oyera a a Nambewe, palibe amene anaganizapo za maso akuda a a Zuze.

Anawagoneka chagada, kuwathira mankhwala, n'kuika padiso penipeni kachitsulo kokhala ndi muvi, ngati kamwana ka sikelo ya thonje. Muvi uja utaima, dokotala anapukusa mutu.

"Bambo, matenda anu dzina lake ndi gulokoma. M'diso mumalowa madzi ndi kutuluka. Kwa inu potulukira patsekeka, madzi akupanikiza mtsempha woonera, ndipo mtsemphawo ukufa kuyambira m'mbali. Sapweteka, n'chifukwa chake simunadziwe. Panopa mukuona ngati munthu wosuzumira m'bango."

Ine wodula nzimbe ndinamva msanga, chifukwa ngalande ikatsekeka ndinkadziwa chimene chimachitikira munda.

"Ndiye muchotsa ngati za mayiwa?" a Zuze anafunsa.

"Ayi. Za amayi zibwerera. Zanu zimene zapita sizibwerera. Koma kabowo kamene katsalako tingathe kukateteza. Titsegule kanjira ka madzi. Mukachedwa, katsekeka nakonso."

A Zuze anadzuka pabedi paja ngati alumidwa ndi nyerere. "Nkhabe! Ine nkhabe funa!" Chisena chinabwera chonse. Anati iwo abwera ndi maso awo ndipo abwerera ndi maso awo, palibe wowaika mpeni. Anatola ndodo n'kuigwedeza kuti a Nambewe agwire. "Tiyeni, tizipita kwathu."

Ana inu, ndinatuluka thukuta m'kuzizira konse kuja. Mkamwini sangatsutse apongozi. Akanatuluka pakhomo paja, ulendo wonse ukanathera pomwepo, ndipo ndikanakamuuza chiyani Esinati? A Nambewe sanagwire ndodo. Anapinda manja pachifuwa.

"Zuze," anatero, osati mokweza. "Zaka zonsezi mwanditsogolera, sindinakanepo kumene mwandipititsa. Lero ndikukana. Ngati inu simugona pa bedi la anthuwa, inenso sindigona. Tibwerere, tikakhale mumdima tonse awiri, akamwini azitikoka pa ndodo imodzi ngati mbuzi zopita kumsika. Mukufuna zimenezo?"

A Zuze anayang'ana mkazi wawo, kutembenuza khosi monga mwa masiku onse. Kenako anakhala pansi. "Nanga la mbuzi lija?" anafunsa motsitsa. Dokotala anaseka mpaka kugwira tebulo. "Bambo, mbuzi za kuno maso awo zimawafuna zokha."

Motero ndinabwera ndi wodwala mmodzi, n'kukhala ndi awiri, wina wodi ya amayi, wina ya abambo, ine kuthamanga pakati. Kukhitchini ya operekeza odwala mwamuna ndinali ndekha. Amayi a kumeneko ankandiseka mmene ndinkagwirira mthiko, koma ankandigawira moto ndi mchere, ndipo phala langa la mapira linkawadabwitsa, ena anali asanalilawepo.

Opaleshoni ya masiku amenewo sinali ngati ya lero yoti m'mawa walowa, madzulo uli kunyumba ukuonera mpira. A Nambewe anawamanga mabandeji n'kuwauza kuti agone chagada osagwedeza mutu, osawerama, osatsokomola, ndipo koposa zonse osayetsemula. Nesi anandiitanira pambali. "Fodya wawo ali kuti? Mulande." Ine kulanda apongozi fodya! Ndinachita kukwawa, kusolola kabotolo pansi pa pilo ngati mbala. Iwo anamva. Anangoti, "Hmm."

Vuto linali lakuti a Zuze, amene ankanyamula mawu athu, anali atagona kwina ndi bandeji lawo. Tsiku loyamba a Nambewe anapirira ludzu mpaka masana. Ine ndakhala pansi pafupi ndi bedi, nkhope kukhoma. Kenako ndinamva:

"Akamwini."

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna amene akutumidwa. Panalibe.

"Akamwini, ndikunena inu. Mwambo tausiya ku Chiromo, tikaupeza pobwerera. Ndipatseni madzi."

"Wawa, amayi." Mawu anga ananjenjemera ngati ndikufunsira kachiwiri. Kuyambira pamenepo tinacheza, ndipo ndinadziwa kuti apongozi anga ndi munthu wanthabwala zoopsa. Wodi yonse inkawamvera.

Atamasula bandeji, a Nambewe anakuwa kuti kuwala kukubaya. Ankaona zoyera, zofiira, zinthu zoyendayenda, koma zonse ngati zili pansi pa madzi. Nkhope yawo inagwa. "Ndi zomwezi?" Nesi anati adikire, diso lipole, magalasi akubwera. Paja nthawi imeneyo akachotsa ng'ala sankaikamo kanthu m'diso monga achitira lero. Ankakupatsa magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo.

Tsiku la magalasi limenelo! Linali m'mawa, dzuwa litalowa pawindo. Dokotala anabwera yekha, n'kuwaveka. Maso a a Nambewe anakula kuseri kwa magalasiwo ngati a kadzidzi. Kenako anakweza manja awo n'kuwatembenuza.

"Manja a ndani awa? Mayo ine, akalamba liti chonchi?"

Anayang'ana bulangeti, n'kuyamba kutsata ulusi ndi chala. Anayang'ana dokotala. "Ndinu kamwana chonchi? Amayi anu akudziwa kuti mumaseweretsa mipeni?" Wodi yonse kuseka, odwala ena akugwira mabandeji kuti asagwedezeke, nesi akukuwa kuti, "Osaseka! Osaseka!"

Ine mwachizolowezi ndinali nditagwada, nkhope kumbali.

"Akamwini ali kuti? Tembenukani ndikuoneni."

"Amayi, sizoyenera."

"Ndakwera sitima, ndagonera mpeni, ndasiya fodya. Tembenukani!"

Ndinatembenuka. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo ulendo wake sunali wautali, mukundidziwa. Anagwira pakamwa.

"Ndinu amenewa? Mawu aakulu aja amatuluka m'kathupi aka? Esinati anandiuza kuti ndinu wamtali! Nanga makutuwa, munabwereka kwa ndani?"

Eya, sekani, iwe Yamikani makamaka, chifukwa makutuwo ndi amene uli nawo iwe. Koma atatha kuseka anandigwira dzanja, chinthu chimene sichinachitikepo, ndipo anati, "Nkhope iyi ndi ya munthu. Mwana wanga sanalakwitse." Ine misozi inangotsika, ndikuseka, ndikulira, zonse pamodzi.

Sanafune kudikira. "Ndiperekezeni kwa Zuze. Ayi, musandigwire, ingonenani njira." Magalasi aja ankasendeza zinthu pafupi, ndiye ankayenda akukweza mapazi ngati kakowa m'dambo, manja atatambasula, akupatsa moni aliyense, ngakhale chidebe cha zinyalala. Mwaona, si ine ndinayamba kupatsa moni zinthu m'banja muno.

M'wodi ya abambo munali madoda ambiri, aliyense ndi bandeji. A Nambewe anaima pakati, kuyang'ana bedi ndi bedi. Mwamuna amene ankamukumbukira anali wa tsitsi lakuda bii. Anawadutsa a Zuze osawazindikira. A Zuze anamva mapazi.

"Ndani akuyenda ngati Nambewe?"

A Nambewe anabwerera, n'kuwerama pang'ono ngakhale anawaletsa. "Zuze! Imvi zonsezi munazitenga kuti? Ndangotseka maso pang'ono, inu n'kukalamba osandiuza?"

"Ukuona? Ukuonadi?"

"Ndikuona kuti malaya mwavala chotembenuza."

"Pyadidi, pyadidi," a Zuze ankangobwereza, kutanthauza kuti zili bwino, misozi ikutuluka pansi pa bandeji. "Takhuta, Mulungu, takhuta." Kumeneko ndiko kuthokoza m'Chisena. Nesi wa m'wodimo anabwera kudzaletsa kulira, koma naye anatembenukira kuwindo.

Kabowo ka a Zuze kanapulumuka. Dokotala anawapatsa mankhwala odonthezera ndi kuwauza kuti azibwera kudzayezetsa, ndiponso kuti ana awo ndi abale awo ayezetse, chifukwa matenda amenewa amayenda m'magazi. Imvani bwino pamenepo, inu a magazi a Zuze. Bwato anawaletsa, ndipo zimenezo zinawawawa kuposa mpeni.

Pobwerera a Nambewe analanda mpando wa pawindo, ndipo sitima yonse inadziwa kuti muli munthu woona. "Taonani nthochi! Taonani mwana uyo alibe kabudula! Zuze, yang'anani kumanzere, tsitsani pang'ono, apo, ng'ombe yamathotho!" Tsopano ofotokoza anali iwo, ine ndikungodya masau otsala. Titatsika mapiri, kutentha kwathu kunatilandira, Shire akunyezimira patali, iwo anaimirira n'kuyamba kululuta. Anthu osawadziwa n'komwe analuluta nawo.

Kumudzi ana anationa tili patali n'kuthamanga kukanena. Pamene tinkafika pabwalo panali anthu ngati pali ukwati. Aliyense akufuna kuonedwa. "Ine ndine ndani? Nanga ine?" A Nambewe ankati, "Lankhula kaye," munthu akalankhula n'kumutchula dzina, kenako n'kumuuza mmene wanenepera kapena mmene mano amuthera.

Ndiye pakhomo pa kanyumba kanga panatuluka mayi, atanyamula kanthu m'nsalu. Anaima osalankhula. A Nambewe anamuyang'ana, n'kundifunsa chapansipansi, "Mlendo uyu ndi wa kwa ndani?" Iwo ankafunafuna kamtsikana kowonda kamene anakasiya kakusewera fulaye. Esinati anangoti, "Amayi."

A Nambewe anatseka maso, kuti amve bwino. Anawatsegulanso. Anapita n'kugwira nkhope ija ndi manja onse awiri, masaya, chipumi, chibwano, akuyang'ana chimene zala zawo zinkachidziwa kale. "Wafanana ndi malemu amayi anga," anatero. "Palibe anandiuza."

Kenako Esinati anavundukula nsalu. Mwana anali atabadwa ife tili ku Blantyre, wamkazi, ndipo anali asanamutche dzina, ankadikira ife. A Nambewe anamulandira, kumuyandikiza ku magalasi aja, mwana n'kutsegula timaso. Anakuwa kuti mudzi wonse umve: "Ndaona! Ndaona ine!" Dzina linakhala lomwelo. Inu mumayesa amayi anu anatchedwa Ndaona chifukwa cha mavuto? Ayi, chinali chimwemwe chokhachokha.

A Zuze anali ataima kumbuyo, anthu atawaiwala. Anakhala pa mtondo n'kutambasula manja. "Bweretsani kuno." Anamuika mwanayo pamaondo, patali pang'ono, chifukwa m'kabowo kawo nkhope yonse sinkakwanamo. Anayamba ndi khutu. Anasuntha mutu pang'ono, diso. Pang'ono, mphuno. Azakhali ena anatambasula manja kuti nawo anyamuleko, mwana wayamba kulira.

"Musandithamangitse," a Zuze anatero, osadzutsa mutu. "Ndikadali pa kamwa. Kumapazi sindinafike."